Maso Anga Sanagwetse Msozi pa Maliro a Dalitso

Zinayamba ndi phazi lamanzere. Unali mwezi wa Meyi, chaka cha 1993, tikutola thonje ku Zemba, kwawo kwa mkazi wanga Nabanda, kumene ndinkakhala pa chikamwini. Ndinaponda chitsa, chinandibaya, koma sindinamve kanthu. Ndinazindikira nditaona magazi. Pofika madzulo dzanzi linali litakwera mpaka m'bondo. Ndinati ndi kutopa. Patapita masabata angapo linatha lokha, ine n'kuiwala.

Linabweranso mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Ulendo uno miyendo yonse iwiri inalemera. Ndikaweramitsa mutu kuti ndigwire khasu, china chake chinkathamanga mumsana kuchokera pakhosi mpaka kumapazi, ngati linthumbu landiluma paliponse nthawi imodzi. M'mawa kukadali kozizira ndinkatha kulima mizere ingapo. Dzuwa likakwera ndinkagwa. Nyengo yomweyo maso anayamba kuvuta. Munkakhala ngati mwalowa mchenga. Utsi, fumbi, mphepo, kuwala, zonse zinkandiwotcha. Podzuka zikope zinkakhala zitamatirira, ndipo kutsegula maso kunali ngati kumatula nsalu pa chilonda.

Kuchipatala sindinapite. Masiku amenewo mwamuna akayamba kufooka anthu ankangoti ndi edzi, ndipo ine sindinkafuna kukamva zimenezo. Apongozi anga aakazi anabweretsa munthu wa zitsamba. Ananditema mphini m'miyendo, n'kundifinyira madzi a masamba m'maso. Anawawa ngati tsabola. Iye anati kuwawako ndiye kuchira kwake. Diso lamanzere linatupa, ndipo litaphwa panatsala banga loyera pakati pake. Mpaka lero limangoona nkhungu.

Matendawa ali ndi khalidwe loipa. Amabwera, amapita. Mu Januwale ndinadzuka ndikuyenda bwinobwino, mpaka ndinapalasa njinga kupita ku boma ku Chadiza. Sipanatenge nthawi ndinagwanso. Chaka chonse chinatha choncho. A Mbewe, atsibweni ake a mkazi wanga, amene ndi eni mbumba pamudzipo, ankaona zonsezi. Tsiku lina anandipeza ndili pamthunzi ena akupalira.

"Akamwini," anatero, "matenda anuwa ndi anzeru. Nthawi ya khasu abwera, nthawi ya mowa apita."

Mkamwini amakhala pamudzi wa eni chifukwa cha khasu lake, ndipo langa linali litayamba dzimbiri.

Tinali ndi ana awiri, Esinati wamkulu, ndi Dalitso wa zaka zinayi. Mu Febuluwale 1995 Dalitso anadwala malungo. Analandira mankhwala, koma thupi silinazizire. Anamwalira ali kumsana kwa amake, akubwerera naye ku kiliniki kachiwiri. Ine ndinali kunyumba. Sindikanatha kumunyamula.

Pamaliro ndi pamene zanga zinathera. Kwathu kuno mwana akamwalira, bambo ake amalira anthu n'kuona. Ndinalira. Mawu anatuluka, chifuwa chinkachita ngati ching'ambika, koma m'maso munalibe dontho. Amuna anzanga anakhala mozungulira moto monga mwa mwambo. Utsi unandilowa, ndinalephera kupirira, ndinachoka n'kukakhala ndekha kuseri kwa nkhokwe. Kumanda mitambo inachoka, dzuwa linandilasa m'maso, ndipo ndinavala chipewa n'kuchitsitsira kunkhope. Ndinkadziwa kuti mwamuna savala chipewa kumanda. Popanda icho sindikanaona ngakhale dzenje limene ankaikamo mwana wanga. Mayi wina ananena mokweza kuti ndimve, "Taonani masayawo, ali gwa! Mbuzi yomwe ikafa mwini wake amalengezako misozi."

Pa tsiku lometa, a Mbewe analankhula pamaso pa abale onse. "Msozi ngakhale umodzi ayi. Pamoto wa maliro wathawa. Kumanda wavala chipewa. Miyendo imafa masana, kaya anthu akagona imayenda kuti. Ife tikufuna tidziwe amene wadya mwana wathu."

Dzina langa sanalitchule. Panalibe chifukwa cholitchulira. Kuyambira tsiku limenelo ana a pamudzi ankandithawa, ndipo apongozi anatenga Esinati kuti azigona kwawo. Ndinaona kuti ngati sindisonyeza kuti ndikudwaladi, andichotsa pamudzi, ndipo mkazi ndi mwana wotsalayo ndiwasiya.

Nabanda ndiye anandikakamiza kupita kuchipatala. Anabwereka ngolo, anandikweza mpaka ku boma. A ku kiliniki anatitumiza ku Chipata. Mu minibasi ndinamanga nsalu yonyowa kumaso njira yonse.

Ku chipatala chachikulu tinakhala pamzere kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka. Anandigoneka mu wodi ya amuna. Munali modzaza, ena pansi pa mabedi, ambiri owonda kwambiri. Bedi likatsala lopanda munthu m'mawa sitinkafunsa. Nabanda ankagona kunja ndi amayi ena odwazika, kuphika pa mafuwa, kulowa belu likalira. Tsiku lililonse linali lofanana ndi linzake. Namwino ankayeza kutentha kwa thupi, dokotala ankadutsa ndi gulu lake, kenako kudikira.

Anatenga magazi. Anati edzi palibe. Ndinkaganiza kuti ndisangalala, koma ayi. Ikanakhala edzi anthu kumudzi akanamvetsa, chifukwa imeneyo mudzi uliwonse unkaidziwa. Anandigogoda mawondo ndi kanyundo, kundikanda kuphazi ndi kiyi, kundiyendetsa pamzere wowongoka, umene ndinalephera. Anandibaya jakisoni kumsana n'kutengako madzi. Mutu unandiwawa masiku angapo.

Kenako ananditumiza ku chipinda cha maso. Namwino anakoleka timapepala tiwiri topyapyala m'zikope zam'munsi, n'kunena kuti nditsinzine. Atachotsa timapepalato anaonetsa Nabanda. Tinali touma ngati sitinakhudze kanthu.

"Mayi, bambowa alibe misozi," anatero namwinoyo. "Atha kulira tsiku lonse, simudzaona dontho. Pamene pamachokera misozi panaleka kugwira ntchito."

Nabanda anatenga kapepala kamodzi, anakayang'ana, ndipo analira iyeyo. Namwino anadabwa. Za maliro aja sankazidziwa. Ine ndi pamene ndinazindikira kuti mkazi wanga nayenso ankakayika mumtima masiku onse aja, osanena.

Dokotala anandiuza mosabisa. "Zizindikiro zikuloza ku matenda otchedwa maltipo sikelerosisi. Kuno sapezekapezeka, ndipo makina otsimikizira tilibe. Mitsempha ya muubongo ndi mumsana ikusupuka, ngati waya wa magetsi wotha chikopa chake. Sachira. Tingochepetsako." Za maso anati ndi vuto lina, mwina logwirizana ndi loyambalo, mwina ayi. Anati diso lamanzere likanapulumuka ndikanabwera ndisanathire zitsamba. Anandipatsa mapiritsi, mankhwala odonthezera m'maso, ndi ena a mafuta opaka pogona.

Mapiritsi anathandiza. Nkhope inafufuma, koma ndinatuluka ndikuyenda ndi ndodo. Titafika ku Zemba, Nabanda anakagwada kwa atsibweni ake, n'kuwafotokozera zonse, za timapepala tija ndi mawu a dokotala. A Mbewe anamvetsera mpaka kumapeto.

"Dokotala wati alibe misozi? Nafenso ndi zomwe tinanena. Wakuuza amene anaiumitsa?" Anandiyang'ana nditaima ndi ndodo yanga. "Mwaona, wadzukanso. Ndipo akuti sachira. Ndiye iwe mwana wanga uzilima wekha mpaka liti?"

Nkhani inatha titakolola. Ankhoswe anakhala pansi, n'kundiuza kuti ndipite kwathu ku Pembamoyo ndikapumeko. Aliyense ankadziwa tanthauzo lake. Ana ndi a kwa amayi awo, choncho Esinati anatsala. Ndinatenga bulangeti, ndodo ndi kabotolo ka mankhwala. Khasu ndinalisiya.

Chino ndi chaka cha 1998. Ndikukhala kwa mlongo wanga. Ndagwa kawiri chibwerereni kuno, ndipo ndikadzuka sindibwerera pamene ndinali. Mwendo wamanzere ndimaukoka. Mkodzo masiku ena sindiugwira. Nyengo yotentha sindituluka masana, ndimakhala m'nyumba kutong'ola chimanga kapena kuswa mtedza, manja akalola. Diso lamanja likuona, koma limawotcha. Mankhwala odonthezera sapezeka nthawi zonse. Akatha, mlongo wanga amawiritsa madzi, akapola ndimanyowetsa kansalu koyera n'kuika pamaso. Ku Chipata ndinabwererako kamodzi. Ulendowo tsopano ukundikanika.

Nabanda amabwera mwa apo ndi apo pa njinga yobwereka. Sanakwatiwenso. Kwawo akumukakamiza, ndipo tsiku lina adzalola. Sindidzamuimba mlandu.

Esinati anabwera naye kamodzi, chaka chatha. Watalika. Anaima pakhomo, sanalowe. Anandiyang'ana n'kufunsa, "Atate, n'zoona kuti Dalitso simunamulire?"

Ndinati ndinamulira, ndipo ndimamulirabe. Iye anayang'ana masaya anga. Anali ouma. Anapita kukaima pafupi ndi njinga.

Sindine munthu wa mawu ambiri. Ndikungoti, phazi likachita dzanzi popanda chifukwa, mphamvu zikamatha n'kumabwerera, maso akamauma, pitani kuchipatala msanga. M'maso musathiremo chilichonse chimene sanakupatseni a chipatala. Ndipo musapite ndi mkazi wanu yekha. Tengani munthu amene mawu ake amamveka pamudzi, akaone yekha ndi kumva yekha. Kuchira sindikulonjezani, ine sindinachire. Koma ndikanapita Dalitso adakali moyo, pamaliro paja anthu akanakhala akudziwa kale kuti maso anga ndi odwala. Miyendo ikanafabe. Koma Esinati bwenzi akulowa m'nyumba mwanga.