Tsiku limene ndinadikira a Chitukuko

Fungo la ngalande yotsekeka pa Ginnery Corner landikumbutsa ku Nancholi, kumene ndinakulira. Ngalande ya kuseri kwathu inadzaza zinyalala. Mvula ikagwa, madzi akuda ankalowa m'nyumba, ndipo mng'ono wanga sankasiya kutsegula m'mimba.

Tcheyamani wa m'dera lathu analengeza kuti, "Loweruka kuli chitukuko, aliyense apezeke!"

Ine ndinkayesa a Chitukuko ndi bwana wobwera pa galimoto. Ndinavala diresi la kutchalitchi, ndikukhala pamwala m'mbali mwa msewu. Dzuwa linandiwotcha, nyerere zinandiluma, bwanayo osabwera. Kumbuyo kwanga ndinkangomva khasu limodzi, la amayi, likukanda m'matope a m'ngalande ija. Anthu odutsa ankati, "Mukugwiratu ntchito, mayi," osaima.

Njala itandipweteka ndinafunsa, "Amayi, kodi a Chitukuko afika nthawi yanji?"

Anapukuta thukuta ndi nsonga ya chitenje. "Khala pomwepo, mwanawe, ungade."

Ndinapita kukagona nditakwiya kuti mlendo watinamiza. Amayi anamwalira ndisanawauze kuti ndinazindikira. A Chitukuko anabwera ndithu tsiku lija, okhaokha, matope mpaka m'mawondo, ine nditawafulatira.