Chisakasa Chopanda Zenera

Mkazi wanga sanaphedwe ndi mfiti. Anaphedwa ndi chisakasa chomwe ndinamanga ndi manja angawa, ndipo ndikuti ndiulule poyera, inu owerenga, kuti wina asapuse monga ndinapusira ine.

Zaka zimenezo, pamene munthu sunkalowa mumsika wopanda khadi ya chipani, ndinkagula milamba kwa asodzi kudoko la Kachulu n'kukagulitsa ku Zomba. Wowamba nsombazo anali mkazi wanga, mayi a Esinati. Kunyanja kuno nkhuni n'zosowa, ndiye ndinadziona wanzeru. Ndinamanga chisakasa chomata ndi dothi mbali zonse, chopanda zenera, pakhomo n'kutchinga chiguduli kuti utsi usathawe. Nkhuni zinkapita zochepa, milamba inkatuluka yofiirira bwino, anzanga n'kumandichitira nsanje. M'katimo munkakhala mkazi wanga, kutembenuza nsomba kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, chaka ndi chaka.

Befu linayamba pang'onopang'ono. Poyamba ankatula ndowa kamodzi pochokera kumadzi, kenaka kawiri, kenaka katatu. Akamamweta mpunga ankaima n'kugwira m'chiuno, ali wefuwefu ngati wathamangitsidwa. Tsiku lina anandiuza kuti utsi ukumubanikitsa, ndibowoleko khoma. Ndinamuyankha kuti nsomba siziwamba zokha, ndipo ulesi ulibe mankhwala. Ngakhale pamene amayi achipani anabwera kudzandifunsa chifukwa chake mkazi wanga amakhala pansi pokonzekera magule, sindinamuikire kumbuyo. Ndinaopa kutchedwa woukira, ndiye ndinamukalipira pamaso pawo kuti asiye manyado.

Atayamba kutsokomola ndi kutupa mapazi, malume ake, omwe anali ankhoswe athu, anandiitanira kuseri. Anati ili ndi tsempho, matenda ogwira mkazi mwamuna wake akayenda njira zam'mbali. Pakamwa ndinakana, koma mumtima ndinavomera, chifukwa ku Zomba ndinalidi ndi mayi wina wogulitsa tiyi. Ndinakhulupirira nthawi yomweyo kuti chifukwa chapezeka. Kuchipatala sindinakuganizire n'komwe; chomwe ndinkafuna n'chakuti nkhani ithe mwakachetechete, dzina langa lisaipe.

Ndinamukweza bwato kupita kwa sing'anga kuchilumba cha Chisi. Mankhwala ake anali ofukiza. Ankaika makala m'phale, kuthirapo mizu, n'kumufunditsa bulangete kuti akoke utsiwo. Mkazi wanga ankatsokomola mpaka misozi, ine nditagwira bulangetelo kuti lisatseguke. Tangoganizani, inu owerenga: munthu wodwala ndi utsi, ine n'kumamuchiza ndi utsi! Tinachita zimenezi dzinja lonse, ndipo akapezako mphamvu pang'ono ankabwerera m'chisakasa muja.

Tinapita kuchipatala ku Zomba atafika poti sangathenso kugona chagada, akungokhala chotsamira khoma. Dokotala atamupima pachifuwa anafunsa ngati amasuta fodya. Ndinaseka, ndinati mkazi wanga ndi wa mvano, fodya sanamugwirepo. Anafunsanso kuti amagwira ntchito yanji, ndipo nditafotokoza za chisakasa, nkhope yake inasintha. Anati befu lili ndi magwero ambiri: ena ndi mphumu, ena chifuwa chachikulu, ena magazi achepa, enanso mtima wafooka. Koma mkazi wanga mapapo anali atatha ndi utsi ngati a munthu amene wasuta moyo wake wonse, ndipo mtima unali utatopa nawo, n'chifukwa chake mapazi ankatupa. Anati tikanabwera pomwe ankayamba kutula ndowa panjira, akanangotiuza kuti achoke mu utsimo.

Mayi a Esinati sanalire. Anandiyang'ana, akudula mawu kuti apume, n'kunena kuti, “Bambo a Esinati, si paja ndinakuuzani? Inu munati ndi ulesi.”

Amati samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu, koma chondiwawa ine n'chakuti nkhwangwayo inatera pa mutu wa wina. Ine wosamva uja ndikudya, ndikupuma bwinobwino. Iye anakhala miyezi isanu pakhonde, osatha kufika ngakhale kubafa popanda womugwira, mpaka tinamuika m'manda mpunga ukucha. Ndimakwiya ndi ankhoswe, ndimakwiya ndi sing'anga uja, koma ndikakhala pansi ndimadziwa kuti onsewo anangondipatsa chomwe ndinkafuna: chifukwa china chilichonse, bola chisakhale chisakasa changa.

Inu owerenga, munthu amene ankayenda bwino akayamba kuima panjira kuti apume, musamutche waulesi ndipo musathamangire kufufuza amene wamulodza. Yang'anani kumene amatandala: khitchini yotsekeka, fumbi lopuntha mpunga, utsi wowambira nsomba. Mutengereni kuchipatala miyendo ikadamunyamula, akamuuze odziwa chomwe chikumubanikitsa. Machimo anu kalapeni padera, asakhale chifukwa chochedwetsera mnzanu.

Titabwera kumanda ndinatenga nkhwangwa n'kubowola khoma la chisakasa chija, mbali ziwiri. Utsi unayamba kutuluka bwinobwino, ndipo milamba inapsa monga kale. Ntchito yonseyo, yomwe mkazi wanga anandipempha zaka zisanu ndi chimodzi m'mbuyomo, sinanditengere ngakhale ola limodzi.