Bambo Anga ndi Rediyeta ya Kubafa

Ayi iwe Sioned, mbaulayo ikadalipo, koma Lamlungu inatsala pang'ono kutulutsidwa. Dikira ndikuuze.

Bambo anga a Emrys ukuwadziwa, sakhala pansi. Zaka makumi awiri akhala akudula nthambi za mitengo m'mbali mwa misewu, ndiye kuseri kwathu nkhuni zaunjikana mpaka galu alibe posewerera. Anakulira pafamu ya nkhosa kumapiri uko, kumene kusiya geti lotsegula unali mlandu woopsa. Mpaka lero chilichonse chotsegula chimawayabwa m'manja. Chitseko, atseka. Mpopi, amanga mpaka iwe kulephera kutsegula. Rediyeta ya kuchipinda kwanga, chitsulo chija cha madzi otentha chofunditsa chipinda, ndikangotuluka kukamwa madzi ndipeza yatsekedwa.

Chaka chino anagula mbaula ya nkhuni yokhala ndi kathanki ka madzi kumsana, akuti moto womwewo uzitenthetsa marediyeta a nyumba yonse, gasi azipumako. Amayi sanafune. Anati, "Gasi sanandidzidzimutsepo ine. Chinthu chanucho chikangovuta kamodzi, chikutuluka."

Kunabwera a Delyth, pulambala wamkazi uja, masiku atatu ali m'mapaipi. Analumikiza mbaula ku mapaipi akale a madzi ochokera ku boyila, makina otenthetsa madzi ndi gasi, ndipo zikugwira mokoma bwanji. Moto ukakolera, boyila ya gasi imazima yokha, moto ukazilala imayaka yokha. Tsiku loyamba ine ndimangothamanga, pabalaza, kukhitchini, pabalaza, kuti ndiimve ikamati tiki. Koma pochoka a Delyth anawaloza Bambo chala.

"Emrys, gasi ukamuuza kuti zima amamva. Nkhuni sizimva. Rediyeta ya kubafa ndiye pothawira kutentha. Musadzaitseke."

Mpaka anazula kotsekera kake nkupita nako.

Masabata awiri Bambo amangozungulira pabafapo. Kusuzumira, kugwira chitsulo, kupukusa mutu, kubwereranso. "Bafa lopanda munthu, kutentha ngati mophikira buledi."

Ndiye Lamlungu masana, chimphepo chija, magetsi anathima. Pampu yoyendetsa madzi inaima, moto uli lawilawi. Tikudya nyama ya nkhosa ndi mbatata tinangomva gu, gu, gu m'khoma, ngati wina akumenya mapaipi ndi hamala. Kudenga thanki ya madzi ikubwata, nthunzi ikutulukira pakachitseko kolowera kudengako. Galu pansi pa tebulo.

Amayi anaika foloko pambale. "Emrys, mwagwira chiyani?"

"Ine? Palibe."

"Nanga mukuimiriranji?"

Bambo anathamangira m'mwamba, ine pambuyo, ndipo m'thumba mwawo munatuluka pulayala. Anali ataimanga rediyeta ija m'mawa womwewo, ife tisanadzuke. Anaimasula, pansi Amayi akutseka mpweya wa mbaula nkutsegula mpopi wa madzi otentha. Phokoso linachepa pang'onopang'ono mpaka zii.

Tinabwerera patebulo chakudya chitazizira.

"Ndinangomangako pang'ono," anatero Bambo.

"Bafa si khola, Emrys. Kutentha kukathawa palibe nkhosa imene isowe. Magetsi akangobwera muimbire a Delyth adzachotse mbaula yanuyi."

Iwe, nkhope ya Bambo. Anatuluka kukasanja nkhuni zosanja kale, mumvula.

Koma magetsi sanabwere mpaka Lachiwiri. Ndipo boyila ya gasi popanda magetsi siyaka, ine sindimadziwa. Msewu wonse kuzizira, anthu m'zijasi m'nyumba mwawo, kwathu kokha mbaula ikuyaka pang'onopang'ono, madzi otentha akutuluka, bafa lofunda. A Pritchard oyandikana nafe aja anabwera ndi khanda lawo kudzalisambitsa, zovala zake kuyanika pa rediyeta yomwe ija. Amayi akungopanga tiyi pambaula. Bambo akubweretsa nkhuni ziwiriziwiri, kuwayang'ana Amayi cham'mbali, kutulukanso.

Lachiwiri magetsi atangoyaka Amayi anatenga foni okha. Bambo ali chiimire pakhomo, chipewa m'manja.

"Delyth, mbaulayi ikhale. Koma potsekera paja mudzachotsepo ponse, muikepo paipi yosalala. Bambo a kuno asapeze pogwira."

Ndiye a Delyth akubwera Loweruka teni koloko, akuti adzadula paipiyo Bambo akuona. Ubwere, chonde. Ukwere basi ya hafu naini, ndikakudikira pa shopu ya nsomba ndi tchipisi, ndipo utenge thaulo, bafa lathu uyenera kuliona wekha.