Buluku Pachingwe cha Mayi Léonie

Mayi Léonie Ruel anali mkazi wamasiye wa mbuzi zisanu ndi pakamwa posapuma. M'mudzi mwawo, kumapiri a ku France, Lolemba lililonse ankachapa n'kuyanika panja, poti ankati choyanika m'nyumba chimanunkha nguwi.

Mu 1943, nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ili mkati, anabisa m'kachipinda ka kudenga Bambo Mendel Szpiro, Myuda wokonza mawotchi amene asilikali a Nazi ankawasaka. Zonse anasamala bwino, koma Lolemba litakwana manja anangochita zomwe anazolowera. Buluku la mlendo linakalendewera pachingwe, poonekera aliyense.

Masana wapolisi anatulukira. "Mayi, amuna anu tinawaika m'manda kalekale. Nanga bulukuli n'la yani?"

"Iwe Firmin, dzana lomweli unkayenda mamina ali chuchuchu," anatero Mayi Léonie. "Ukufuna ndikutchulire chibwenzi changa? Ndi mwamuna wa mwini, ndipo mkazi wakeyo umamudziwa!"

Wapolisi anabwerera manyazi atamugwira. Kuyambira pamenepo Mayi Léonie ankalowa m'tchalitchi akudzithyolathyola, kudikira miseche. Amayi anzawo ankangowapatsa moni, ena n'kumawasiyira mazira pakhomo.

Nkhondo itatha zinaululika kuti nyumba zambiri m'mudzimo zinkabisanso alendo otere.

"Ife tinadziwa tsiku la buluku lomwe lija, anzanga," anatero Hortense, mnansi wawo. "Mazira aja anali a mlendoyo."

Bambo Szpiro ankathokoza misozi ili mbwee, koma Mayi Léonie anagwira m'chiuno.

"Ndiye kuti mudzi wonsewu, palibe ndi mmodzi yemwe anakhulupirira kuti ine ndingapeze mwamuna?"