Makina a ku Spain m'sitima ya ku Midland

Lachiwiri masana, m'sitima ya ku Midland muno mu mzinda wa Perth, ndinakumana ndi munthu amene sindinkayenera kukumana naye. Tingowatchula kuti Bambo a Tadala, injiniya wa zamagetsi ku mgodi wa kumpoto, aja opita pa ndege n'kukakhala komweko masabata. Lamulungu lapitali akazi awo anali atandiuza kutchalitchi kuti bambo anyamuka kale.

Nanga awa akhala pawindo, maso ali pa foni, ndi ndani?

Atandiona sanachite manyazi n'komwe. Anangondisunthira.

"Achemwali, khalani muone. Izitu si juga wamba. Izi zimafuna mutu."

Pa fonipo panali makina a juga a ku Spain, amene anawadziwira kwa mnzawo wa ku mgodi wochokera ku Spain komweko. Mawilo atatu a zipatso amazungulira n'kuima. Awiri akafanana, pali batani lowagwira kuti lachitatu lizungulire lokha. Pali lina lokankha wilo kuti litsikeko pang'ono. Ukapata mabonasi umakwera nawo ku masewera a pamwamba, ndipo ukawina amakufunsa ngati utenga kapena uyesa kuchulukitsa.

"Ku Spain makinawa ali m'mabala," anatero. "Anthu amamwa khofi uku akuonerera wina akuluza. Makina akakhuta ndalama amasanza, ndiye wochenjera amalowa pamenepo."

"Nanga a pa foniwa mumadziwa bwanji kuti akhuta?"

"Amamveka."

Nditafunsa za ntchito m'pamene mawu anatsika. Ndege ya ku mgodi inawasiya kangapo akudikira kuti makina asanze, mpaka kampani inawachotsa. Viza ya banja lonse inamangiriridwa pa ntchito imeneyo. Masiku a shifiti akumagona pa mpando kwa ana asukulu achimalawi ku Bentley, masana n'kumangokwera sitima.

"Chonde Mayi a Tadala musawauze. Ndatsala pang'ono."

Ndinakwiya, ndipo pano ndikulemba ndikadali wokwiya. Pang'ono kuti chitani? Chimene chituluke imasankha ndi kompyuta. Makina anapangidwa kuti gawo abweze, gawo asunge, ndipo mabatani aja eni ake anawawerengera kale. Uli ngati mwana wokhala pamiyendo ya dalaivala, wagwira chiwongolero, akuti akuyendetsa ndi iye.

Ndipotu nyambo imeneyi imakola kwambiri ophunzira. Ife ena tikaluza timati tsoka, n'kubwerera kunyumba. Injiniya akaluza amati masamu aphonya penapake, n'kubwereza.

Boma la kuno linakana makina otere m'mabala, linangowasiya ku kasino. Foni yawalowetsa m'thumba, mpaka m'chipinda cha ku mgodi kumene munthu amaweruka n'kusowa wocheza naye.

Koma mkwiyo wanga waukulu uli pa ife. Amalawi a mu Perth tilipo angati kuti tisadziwane? Ana asukulu aja akudziwa. Anzawo a ku mgodi akudziwa. Tonse kukamwa kuli tseke, akuti ndi ulemu, za m'banja salowerera. Ulemu wanji woonerera mnzako akumira? Zikadzafika poipa, ndife tomwe tidzayambe kutumizirana mauthenga a chisoni pa gulu lathu la pa foni.

Ine ndinakana kusunga chinsinsicho. Lachinayi ndinakawadikira Mayi a Tadala pageti la nyumba yosamalira okalamba kumene amagwira ntchito. Ndinawauza zonse. Anamvetsera chikwama chili paphewa, osadabwa.

"Ndikudziwa, achemwali. Zovala za ku mgodi zimabwera ndi fumbi lofiira mpaka m'masokosi. Maulendo apitawa ndakhala ndikuchapa zoyera."

"Ndiye bwanji osanena?"

"Ndinene kwa ndani? Tadala ndamuuza kale kuti mwina sukulu akamalizira ku Kasungu. Analira, Chichewa chake chothyokathyoka mukuchidziwa. Inu ndinu woyamba kunditchulira nkhaniyi. Ena onse amangondifunsa kuti bambo ali bwanji ku mgodi, uku akudziwa."