Kofiya ya a Folomani

Chifuwa changa chinayamba sabata yomwe tinaika bambo anga m'manda, m'mwezi wa Ogasiti. Chinali chouma, chongokanda pakhosi. Amayi anati ndi utsi, popeza masiku onse a maliro ndinali pamafuwa. Azakhali, alongo awo a bambo, anati ndi kulira. Ine ndinavomera zonse ziwiri chifukwa zinali zopepuka kusiyana ndi chimene mtima wanga unkandiuza.

Bambo anga, Che Yusufu, ankayang'anira okonza makina pa fakitale ina yochotsa njere za thonje ku Balaka. Aliyense ankangowaitana kuti a Folomani, ngakhale ife ana awo tikafuna kuwaputa. Akabwera kumudzi kwathu kufupi ndi Nkaya sankapuma. Wina njinga, wina makina osokera, wina kudzanena kuti mjigo wa kumzikiti wasiya kutulutsa madzi, mawa lake wa kutchalitchi. Onsewa bambo ankawathandiza akuwanyogodola kuti chitsulo chimamvanso ludzu, muzichipatsako mafuta. Injini ankaimvetsera poika nsonga ya sikuludalaiva pa chitsulo, chogwirira chake kukhutu, maso ali chitsinzinire. Ankati makina sangofa, amayamba adandaula.

Anali ndi lamulo limodzi lomwe aliyense pa fakitale paja ankalidziwa. Akayamba kukonza makina, ankavula kofiya yawo yoyera n'kuikoloweka pa swichi yaikulu. Kofiya ikakhala pamenepo palibe ankayatsa makina, ngakhale malole a thonje atadzaza bwalo lonse, ngakhale bwana atabwera akutuluka thovu kukamwa. Ankati dzanja la munthu si chinangwa choti ukadula chiphukanso. Zaka zonse zomwe anagwira ntchito paja, palibe wantchito wawo amene anaduka chala.

Koma munthu yemweyo, womva injini ikudandaula ali kuseri kwa khoma, analephera kumva chifuwa chake. Nyengo ya thonje aliyense pa fakitale ankakhosomola, ndiye iwo ankangoti ndi fumbi, likatha thonje chitha. Thonje linatha, chifuwa chinatsala. Mvula inagwa, tinakolola, thonje lina linabwera, iwo akadali kukhosomola. Pamene anavomera kupita kuchipatala n'kuti akulavula magazi, ndipo adokotala anati mapapo awonongeka kale. Ndine ndinawadwazika, popeza amuna anga anali ku migodi ku Joni ndipo ndinkakhala pakhomo pa makolo ndi mwana wanga Hawa, yemwe anali atangoyamba kuyenda. Ndimawakonda bambo anga, koma pa nkhani iyi yokha ndimawakwiyirabe mpaka lero.

Maliro atatha, utsi unatha, kulira kunachepa, koma chifuwa changa sichinasiye. Madzulo thupi linkatentha, m'mawa ndinkadzuka nsalu itanyowa ndi thukuta. Chakudya chinasiya kukoma. Chitenje chinayamba kundizungulira mopitirira pomwe chinkalekezera. Tsiku lina m'mawa ndinaona kamzere kofiira m'makhololo. Ndinali nditachapa nsalu za bambo kokwanira, sindinafunikenso wondiuza. Ndinamusiya Hawa m'manja mwa amayi, ndinatenga khadi la chipani kuopa anyamata ovala zofiira omwe ankafunsa makhadi pa siteshoni, n'kukwera sitima ya ku Balaka.

Pa chipatala cha mishoni tinakhala pa benchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka. Anandipima pa sikelo, anandimvetsera pamsana, n'kundipatsa timabotolo toti ndilavuliremo. Zotsatira zitatuluka, adokotala anandiuza mosazungulira.

"Ndi chifuwa chachikulu, mayi, koma mwabwera nthawi yabwino. Mugona kuno miyezi iwiri mukubaidwa jakisoni tsiku lililonse, kenaka mapilitsi mukamwera kunyumba. Mukadukiza chimabwerera, ndipo chikabwerera sichimvanso mankhwala omwewa."

Moyo wa m'wodi unali umodzimodzi tsiku ndi tsiku. M'mawa anesi ankabwera ndi mbale ya majakisoni owiritsa, ife n'kufola, aliyense atagwira chitenje mbali imodzi. Lero kumanja, mawa kumanzere, mpaka matako analimba moti kukhala pansi kunali kwa mbali. Makutu ankalira ngati muli nyenje. Kenaka phala, mapilitsi, n'kutuluka kukakhala pakhonde. Lolemba lililonse sikelo. Ana sankaloledwa kufika ku wodi yathu. Ine ndine munthu wosatha kukhala manja ali lende, ndiye ndinkangoyenda kuchoka pakhonde kufika ku mpanda, kubwerera, kupitanso. Sitima ikalira ndinkaima chilili, ndikuganiza ngati Hawa wadya, ngati sanayandikire moto, ngati adzandizindikire.

Mankhwala anagwira msanga. Thukuta linasiya, magazi sanaonekenso, njala inabwerera moti ndinkanyambita mbale. Mavuto anayambira pomwepo, chifukwa arubaini ya bambo inali itayandikira. Imeneyi ndi sadaka yomwe ife Asilamu timachita pakatha masiku makumi anayi munthu atamwalira: abale amasonkhana, ashehe amatsogolera mapemphero a duwa, mpunga umaphikidwa wodyetsa mudzi wonse. Ine ndine mwana woyamba, ndipo ndine ndinawatseka maso. Anthu obwera kudzazonda odwala anayamba kundifikitsira mawu a azakhali: akuti wanenepa kale, nanga ndi mwana wanji wogona pa bedi la azungu tsiku lopempherera bambo ake?

Ndinakapempha kwa anesi aakulu kuti andimasuleko masiku ochepa.

"Iyayi, Asiyatu," anatero. "Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mwawaona mayi a pakona aja? Anapita kukakolola atangoyamba kupeza bwino."

Mayiwo ndinkawaona tsiku lililonse. Anali atabwerera kachiwiri, ndipo jakisoni yemwe ankatinenepetsa ife iwo sankawachita kanthu. Komabe mtima wanga sunamve. Ndinkadziwa kuti ndikakafika kumudzi Hawa akandigwira chitenje ndipo sindikabwerera, koma ndinkadzinamiza kuti ndikangopita n'kubwera. Litatsala tsiku limodzi ndinamanga katundu wanga m'kansalu n'kukankhira pansi pa bedi. Ndinakonza zoti nthawi yozonda odwala ikatha masana, ndituluke pachipata pamodzi ndi alendo.

Nthawi yozondayo itakwana analowa a Makwinja. Amenewa anali mnzawo wa bambo wa ponda apa nane mpondepo, Mkatolika, ndipo anakonza limodzi makina kuyambira ndili wakhanda. Bambo ankawaseka kuti amapemphera kamodzi pa sabata ngati akumwa mankhwala a njoka za m'mimba, iwo n'kubweza kuti wopemphera kasanu pa tsiku ndiye kuti machimo amuchulukira. Anabwera pa njinga, zikhadabo zakuda ndi girisi. Anandipatsa nthochi, anafunsa za jakisoni, kenaka maso awo anagwera pa mfundo ya kansalu kaja yomwe inkasuzumira pansi pa bedi. Anayang'ana nsapato zomwe ndinali nditavala kale.

Anapisa dzanja m'thumba la jekete n'kutulutsa kofiya ya bambo. Inatsalira pa msomali ku wekishopu tsiku lomwe anasiya ntchito, ndipo a Makwinja ankapita nayo kumudzi kukaipereka kwa amayi pa sadaka. Anaikung'untha pang'ono n'kuikoloweka pa chitsulo cha kumutu kwa bedi langa.

"Mwana wa a Folomani, lamulo mukulidziwa," anatero. "Apa pakukonzedwa. Woichotsa ndi adokotala, osati inu, osati azakhali anu. Ku sadaka tipita ife a ku wekishopu tonse. Wofunsa za inu ndikamuyankha ine."

Ndinapsa mtima. Ndinafuna kuwauza kuti ine si injini, ndiponso kuti za arubaini iwo Akhristu sakuzidziwa. Koma maso anga anabwerera ku chitsulo chija. M'mphepete mwa kofiya ija munali mzere wakuda wa zala za bambo, ndipo inkanunkhabe mafuta a makina. Ndinakhala pa bedi n'kulira kuposa mmene ndinalirira kumanda. Alendo anatuluka, chipata chinatsekedwa, sitima inalira n'kupita. Ndinavula nsapato n'kumasula kansalu kaja.

Tsiku la arubaini ndinafola pa mzere wa jakisoni ngati masiku onse. Masana ndinayala chitenje pakona ya khonde n'kuwapempherera bambo ndekha. Sindinganame kuti mtima unakhala pansi. Ndinayendabe ku mpanda kuja, kupita n'kubwerera, mpaka anesi anandiuza kuti ndiwononga kapinga. Amayi anadzandifotokozera pambuyo pake kuti amuna a ku wekishopu anafika onse, Akhristu ndi Asilamu, anawaza nkhuni, anatunga madzi, ndipo asanachoke anakonzanso mjigo wa kumzikiti. Azakhali atayamba za ine, a Makwinja anawayankha mwaulemu pamaso pa anthu: "Mayi, taika mmodzi chifukwa chochedwa kulowa m'chipatala. Mukufuna tiikenso wina chifukwa chofulumira kutulukamo?" Akuti azakhali anangokonza mpango wawo kumutu.

Kofiya inakhala pa chitsulo chija mpaka jakisoni womaliza. Makhololo atapimidwanso n'kupezeka bwino, ndinapempha adokotala kuti aichotse ndi dzanja lawo. Anaseka, koma nditawafotokozera anasiya kuseka, anaichotsa n'kundipatsa ndi manja awiri. Nditafika kumudzi Hawa anabisala kumbuyo kwa agogo ake tsiku lonse, ndipo zinandiwawa, koma mawa lake anabwera yekha kudzakhala pamiyendo panga. Iye ndi amayi ndinapita nawo kukapimidwa. Mapilitsi ndinamwa kupitirira chaka, kukatenga mwezi ndi mwezi, mvula kaya dzuwa.

Lero ndili bwino. Ndimalima, ndimasenza mtolo wa nkhuni, ndinaberekanso ana ena. Khutu lakumanzere lokha ndi lomwe silimva bwino chifukwa cha majakisoni aja, ndipo ana anga amati ndimalisankhira zoti limve. Kwa inu amene mukukhosomola sabata zingapo osasiya, musanamizire fumbi, utsi kapena mphepo. Pitani akakupimeni makhololo mukadali ndi mphamvu zoyenda nokha. Mukayamba mankhwala, malizani, ngakhale thupi litakuuzani kuti mwachira, ngakhale abale atakunenani. Bambo anga akanapita chifuwa chitangoyamba kudandaula, bwenzi atamuona Hawa akukwatiwa.

Kofiya ija ndikadali nayo. M'nyumba mwanga wina akadwala n'kupatsidwa mankhwala, ndimaikoloweka pa msomali kumutu kwa mphasa yake, ndipo palibe amapita kumunda kapena kusukulu ili pamenepo.