Mdzukulu wa Azungu ku Barking

Amati a Sekani Njobvu abwera ndi mliri wakuda ku Barking, dera lina la mu London, ndipo abwera nawo pa sitima ya pamtunda ya njanji ya District, uli phee m'thumba la ovolosi. Anayambitsa nkhaniyi ndi mayi Etta a kwaya, amene nkhani ikalowa m'kamwa mwawo ili mbewa imatuluka ili ng'ombe ya nyanga.

A Sekani ndi bambo a ku Chipata, onenepa bwino, oseka ndi mimba yomwe. Amagwira ntchito pa kampani ina yomanga nyumba pakati pa London. Koma udindo umene amaukonda kuposa mkazi ndi mpira ndi wa Lamlungu: kuima pakhomo la tchalitchi n'kumapatsa aliyense moni wa m'manja, wogwedeza mpaka phewa.

Tsiku lina pokumba maziko kuntchito kwawo, makina anafukula mafupa. Akatswiri atabwera anati mwina ndi anthu amene anafa ndi mliri wakuda uja unapulula Ulaya zaka mazana apitawo. A Sekani anaifotokoza nkhaniyi pa tiyi wa pambuyo pa mapemphero, akuthirako kamchere. Lamlungu lotsatira anatambasula dzanja pakhomo, dzanja n'kungotsala m'malere. Wina anawaombera m'manja ali patali, wina anakumbatira Baibulo ndi manja onse awiri ngati mwana wodwala. A Sekani mtima unawawa zedi.

Akazi awo, a Brenda, ndi nesi, ndiye anaimirira kuti akonze zinthu. Anafotokoza kuti mliri ndi matenda n'zosiyana. Mliri wakuda unali nyengo, unabwera, unapha, unatha kalekale, munthu sangautenge ngati chimfine. Matendawo ndi kachilombo koyenda ndi nthata za makoswe, kakadalipo m'maiko ena, koma masiku ano amachiza ndi mankhwala, ndipo mafupa akale sangadwalitse munthu.

Pa mawu onsewo mpingo unatolapo amodzi: kakadalipo. Mayi Etta anachita kusuntha mpando.

Anapulumutsa zinthu ndi a Bester, mkulu wa mpingo amene anathawa ku Malawi nthawi ya ndale zowawa. Iwo anati za tizilombo sakuzidziwa, koma vuto akuliona poyera: munthu wachokera kumanda osasamba m'manja. Kwathu adzukulu akaika maliro salowa m'mudzi choncho, kaya malirowo ndi a dzulo kaya a mzungu wa makedzana.

Anabweretsa beseni la pulasitiki, madzi ofunda a m'ketulo ndi sopo wotsukira mbale. A Sekani anasamba mpaka m'zigongono pamaso pa mpingo wonse, nkhope ili ndwii ngati akulumbira kukhoti. A Bester anayamba kuwagwira dzanja, ena onse n'kufola pamzere. Mayi Etta anagwira kawiri. A Brenda anangopukusa mutu, sukulu yawo yonse itagonja kwa beseni.

Ndiye poti mdzukulu samanidwa chakudya, anawapatsa mbale yoyamba, ntchafu za nkhuku zili mulu. Anadya mosafulumira, anapukuta pakamwa. Apo a Bester anawafunsa mwaulemu kuti mafupa a azunguwo ankalemera bwanji m'manja.

"Mafupa ati, akulu? Ine sindinawagwire, ngakhale kuwaona sindinawaone. Ntchito yanga n'kutsegula geti."